Madzi a m'thanki ya nsomba za m'nyanja yamchere: kuwasefa, kuwasunga ndi kuwasakaniza

Funso: Ndimakhala ku Johannesburg. Ndinagula thanki ya malita 200 kwa munthu amene ankasamuka. Muli nsomba ziwiri za clownfish, nkhono zingapo ndi makorali ofewa (tinyama ta m'nyanja tomera pa miyala ngati zomera). Madzi akatsika ndimawonjezera a pampopi nditathiramo mankhwala ochotsa klorini, nthawi zina ndimathiramonso mchere pang'ono. Panopa mchenga wada ndi fumbi lofiirira, miyala yamera ndere, ndipo korali wina sakutambasukanso. Kushopu andiuza kuti ndigule makina osefera madzi otchedwa RO/DI. Kodi ndi ofunikadi, nanga madziwo ndiziwakonza bwanji?

Yankho: Achimwene, a kushopuwo sanakunamizeni, ngakhale kuti nawonso akufuna malonda awo ayende. Koma tisanafike pa makina, pali chinthu chimodzi choti musiye lero lomwe, ndipo sichifuna ndalama: musathirenso mchere m'madzi owonjezera.

Madzi a m'thanki akatsika, chomwe chachoka ndi madzi okha. Asanduka nthunzi, mchere watsala. Aliyense amene anaiwalapo mphika wa ndiwo pamoto mpaka msuzi kuphwera amadziwa mmene mchere umawawira, chonsecho palibe amene wawonjezera. Madzi a m'nyanja yamchere amakhala ndi magalamu pafupifupi 35 a mchere pa kilogalamu iliyonse. Pa zida zoyezera amalemba kuti 35 ppt, kapena 1.026 pa muyeso wina wotchedwa specific gravity. Tinene kuti thanki yanu ikutaya malita 4 patsiku, zomwe sizodabwitsa m'nyengo yotentha ngati ilibe chivundikiro. Pakatha masiku 5 mwataya malita 20, ndipo mchere womwe unali m'malita 200 wapanikizana m'malita 180. Muyeso wachoka pa 35 wafika pafupifupi 39. Mukathira malita 20 opanda mchere, umabwerera pa 35. Mukathira amchere, umangotsika pang'ono n'kuima pa 38.5, ndipo sabata yamawa udzayambira pamenepo kukwera. Korali amene wadzipinda uja n'kutheka kuti akudandaula zimenezi.

Ndiye pali madzi amitundu iwiri, ndipo zigubu zake muzilembe kuti wina wa pakhomo asasokoneze. Owonjezera ndi olowa m'malo mwa nthunzi, alibe mchere ngakhale pang'ono. Osinthira ndi olowa m'malo mwa madzi amene mwapopa nokha ndi paipi. Amenewo anachoka ndi mchere wawo, choncho obwezera akhale ndi mchere wofanana ndi wa m'thanki. Onse awiri amayambira pa madzi amodzi, osefedwa mpaka osatsalamo kanthu.

Nkhani ya mphika ija ndi imenenso ikutsutsa madzi a pampopi. Chilichonse chimene chasungunuka m'madzi amene mukuthira chimatsala m'thanki madziwo akauluka. Kachida kotchedwa TDS mita kamayeza kuchuluka kwa zosungunukazo, ndipo nambala yake, ppm, ndi mamiligalamu pa lita. Ngati mpopi wanu ukuwerenga 200, malita 4 a tsiku limodzi akusiya magalamu 0.8 m'thanki. Pachaka ndi magalamu pafupifupi 290 a zinthu zimene simunasankhe ndipo simukuzidziwa. Zambiri mwa izo n'zosaopsa, monga calcium. Zina ndi chakudya cha ndere: nitrate ndi phosphate. Fumbi lofiirira la pamchenga lija ndi tindere ting'onoting'ono totchedwa diatoms, timene timamanga zigoba zake ndi silica, ndipo silica amapezeka m'madzi ambiri a pampopi ndi a pamjigo. Choopsa kwambiri ndi kopa wochokera m'mapaipi a m'nyumba ndi m'giza.

Madzi abwino kumwa sikuti ndi abwinonso kwa korali. Malangizo a World Health Organization amalola nitrate mpaka mamiligalamu 50 pa lita m'madzi akumwa, pamene oweta makorali ambiri amayesetsa kuti asapitirire 10. Amalolanso kopa mpaka mamiligalamu 2 pa lita, pamene kopa wa 0.2, mlingo umene amachizira nsomba zodwala m'thanki yapadera, amapha nkhono, ma shrimp ndi makorali. Ku Britain makampani ambiri a madzi amathiramo dala phosphate kuti mtovu wa m'mapaipi akale usasungunuke. Kwa munthu n'chitetezo, kwa thanki ndi feteleza wa ndere. Amene anawetapo mbuna za ku Nyanja ya Malawi amaona ngati tikukokomeza, poti mbuna zimakhala bwinobwino m'madzi a pampopi bola klorini atachoka. Nsomba za clownfish nazonso n'zopirira ndithu. Amene sapirira ndi makorali ndi nkhono, ndipo ndiwo amayamba kuonetsa.

Mankhwala amene mukuthira aja amangothetsa mphamvu ya klorini, ena amamanganso zitsulo pang'ono, koma satulutsa kanthu m'madzimo. Kuwiritsa kumapha tizilombo, koma zosungunuka zimachuluka chifukwa madzi ena auluka. Kusiya ndowa usiku wonse kumathandiza pa klorini wamba yekha. Rand Water, amene amapereka madzi ambiri a ku Gauteng, amagwiritsanso ntchito chloramine, yemwe ndi klorini womangidwa ndi ammonia kuti akhalitse m'mapaipi aatali, ndipo ameneyu sachoka msanga ngakhale ndowa itakhala masiku.

Tsopano makinawo. RO ndi reverse osmosis, kusefa madzi powakankha ndi presha kudutsa m'kachikopa kotchedwa membrane, ndipo DI ndi deionisation, kuchotsa zosungunuka zimene zatsala. Mukawaona ndi zitini zitatu kapena zinayi zapulasitiki zolendewera pa kachitsulo, chitini china chopingasa pamwamba, ndi timapaipi tating'ono ngati chubu cha bolopeni. Madzi amayamba kudutsa m'sefa ya matope, ya ma micron 5 kapena 1 (muyeso wa kuchepa kwa timabowo take), yoyera ngati thonje ikakhala yatsopano. Ntchito yake ndi kugwira mchenga, dzimbiri ndi matope kuti zisatseke zotsatira. Ikafika mtundu wa tiyi wamkaka, kapena geji ya presha ikatsika poyerekeza ndi mmene inalili poyamba, yakwana yosintha. Ndi yotchipa kuposa zonse, ndipo kuumira pa iyo n'kuwononga zodula.

Kenako pali kaboni, chibuma cha makala okonzedwa mwapadera chimene chimachotsa klorini. Apa ndi pamene pamagona moyo wa makina onse. Membrane ya RO imapangidwa ndi kachikopa kopyapyala kwambiri ka polyamide, ndipo klorini amakadya. Kaboni akatha mphamvu inu osadziwa, membrane imabooka pang'onopang'ono, ndipo sikonzeka. Kumalo a chloramine ngati kwanuko ikani makaboni awiri motsatizana, makamaka amene alembedwa kuti ndi a chloramine, chifukwa chloramine amafuna nthawi yotalikirapo akukhudzana ndi makala kuti asweke. Akasweka amasiya ammonia, amene ena amadutsa membrane n'kukagwidwa ndi DI. Lamulo lofala ndi kusintha sefa ya matope ndi kaboni miyezi 6 iliyonse, koma kuyeza kumaposa kalendala. Tengani madzi a pa paipi yotaya, muyeze ndi timapepala toyezera klorini. Gulani tolembedwa total chlorine. Tolembedwa free chlorine tokha tikhoza kukuonetsani 0 chloramine ali tho. Mukangoona kamtundu kalikonse, zimitsani makina musinthe kaboni.

Membrane ndiyo imagwira ntchito yaikulu. Presha imakankha madzi kuti alowe m'kachikopa kaja, zosungunuka zambiri zimakanika kulowa n'kukokoloka ndi madzi otaya. N'chifukwa chake pamatuluka mapaipi awiri: ina yodontha pang'onopang'ono, ya madzi abwino, ina yothamanga, ya otaya. Membrane yabwino imakana magawo 96 mpaka 98 pa 100 alionse a zosungunuka. Kuti mudziwe ngati yanu ili moyo, yezani madzi olowa ndi otuluka mu RO asanafike pa DI. Olowa akakhala 200, otuluka 6, yakana 194 pa 200, omwe ndi 97 peresenti, ili bwino. Otuluka akafika 20, yatsika pa 90 peresenti, ndipo ngati presha ili bwino, membrane yatopa. Yosamalidwa imakhala zaka ziwiri kapena zitatu, nthawi zina kuposa.

Nambala ya pa bokosi, monga 75 GPD, ndi magaloni a ku America patsiku, omwe ndi malita pafupifupi 284, kapena malita 12 pa ola. Musaiyembekezere kwenikweni. Anaiyeza madzi ali pa madigiri 25 ndi presha ya 50 psi kapena kuposerapo. Madzi akazizira amalowa movutikira, ndipo pa digiri iliyonse yotsika mumataya pafupifupi 3 peresenti. Mu Juni ndi Julayi, mpopi ukuzizira ngati wa m'firiji, kupeza malita 8 pa ola si vuto la makina. Musayese kuthana nazo polumikiza ku paipi ya giza. Madzi otentha kuposa madigiri 45 amawononga membrane, ndiponso a m'giza ndi amene amanyamula kopa wambiri. Presha ndi nkhani ina. Pakati pa 50 ndi 80 psi, kapena 3.5 mpaka 5.5 bar, zinthu zimayenda. Ikatsika pansi pa 40 psi madzi amachepa ndipo amatuluka osayera bwino, ndiye DI imatha msanga. Amene amatunga kuchokera m'thanki ya padenga, monga zimakhalira m'nyumba zambiri zokhala ndi mjigo, presha yawo imakhala yochepa kwambiri: mamita 10 a kutalika amapereka 1 bar yokha. Iwowa pampu yowonjezera presha ndi yosapeweka.

M'paipi yotaya muli kachidutswa kakang'ono kotchedwa flow restrictor. Ndiko kamatsekereza madzi kuti presha ikhale pa membrane. Kayenera kugwirizana ndi kukula kwa membrane. Anthu amasintha membrane ya 50 GPD n'kuika ya 100 koma kachidutswa n'kusiya kakale, zotsatira zake madzi otsuka amachepa, laimu amamata pa membrane ngati zoyera za m'ketulo, ndipo imatsekeka isanakwane chaka. Kuyeza n'kosavuta. Ikani paipi iliyonse m'botolo lake kwa mphindi ziwiri muyerekeze. Pa makina wamba, malita 3 kapena 4 otaya pa lita imodzi yabwino ndiye mlingo wake. Zimawawa kuona madzi akupita chonchi, koma otayawo si oipa. Asefedwa matope ndi klorini, angochuluka pang'ono zosungunuka. Akhetsereni mumgolo, muzichapira, kukolopera, kuthira kuchimbudzi kapena pa kapinga.

Chomaliza ndi DI, chitini chodzaza ndi timikanda ta resin tooneka ngati mazira a nsomba. Timikandati timagwira zotsala zimene zapulumuka pa membrane, n'kutulutsa m'malo mwake tizigawo timene timapanga madzi enieni. Potuluka apa mita iwerenge 0. Resin yambiri imasintha mtundu ikamatha, kawirikawiri kuchoka pa buluu kupita kofiirira, kuyambira kumene madzi amalowera. Mtunduwo ndi chizindikiro chabe, mita ndiyo mboni. Ndipo apa pali msampha umene umagwira anthu ambiri. Munthu amaona mita ikuti 1 kapena 2, n'kunena kuti poyerekeza ndi 200 wa pampopi palibe vuto. Koma resin ikadzaza siimangosiya kugwira. Imayamba kutaya zimene inazigwira mofooka kuti ipatse malo zamphamvu, ndipo zofookazo ndi silica, phosphate ndi ammonia, zomwe zija mumazithawa. Kwa kanthawi madzi otuluka akhoza kukhala ndi zimenezi zambiri kuposa olowa. Silica saonekanso bwino pa TDS mita. Choncho 1 wotuluka mu DI yotopa si 1 wamba. Mita ikachoka pa 0, sinthani. Njira yabwino ndi kukhala ndi zitini ziwiri za DI motsatizana, mita ili pakati: yoyamba ikatha, yachiwiri imapita kutsogolo, yatsopano imalowa kumbuyo, ndipo palibe resin yotayidwa isanathe. Podzaza nokha, gogodani chitini patebulo kuti timikanda tithithikane. Mukasiya mipata madzi amadzipangira kanjira n'kudutsa osagwidwa.

Resin ikamatha msanga modabwitsa, olakwa amakhala atatu. Woyamba ndi membrane yotopa kapena presha yochepa: RO ikamatulutsa 12 m'malo mwa 6, resin imakhala theka la nthawi yake. Wachiwiri ndi mpweya wa carbon dioxide, umene umachuluka m'madzi ena a pamjigo. Umadutsa membrane ngati palibe, suoneka pa mita, koma umadya resin. Mankhwala ake ndi kukhetsera madzi a RO mumgolo, kuwapopera mpweya ndi kapampu ka thovu usiku umodzi, kenako n'kuwadutsitsa mu DI. Wachitatu ndi amene azungu amamutcha TDS creep. Makina akaima, presha imachoka, ndipo zosungunuka zimawolokera pang'onopang'ono mbali ya madzi abwino. Mukayatsa m'mawa muyang'ane mita ya pambuyo pa RO: iyamba pa 40, 60, mwina kuposa, kenako n'kumatsika mpaka kukhazikika pa 6 patatha mphindi zitatu kapena zisanu. Madzi oyambawo asalowe mu DI. Ikani kavavu pakati pa RO ndi DI kuti muziwataya, kapena ingozulani kapaipi n'kukabwezera nambala ikakhazikika. Pa chifukwa chomwechi, kupanga malita 60 kamodzi pa sabata kuli bwino kuposa malita 8 tsiku lililonse.

Makina atsopano musawayatse onse pamodzi. Yambani ndi sefa ya matope ndi kaboni zokha, paipi yopita ku membrane mutaizula n'kuiloza m'ndowa. Madzi oyamba atuluka akuda ndi fumbi la makala. Asiyeni mphindi 5 mpaka 10 ayere. Lumikizani membrane, DI isanalowe, mutaye madzi a ola loyamba chifukwa membrane imabwera ndi mankhwala oisungira. Pamenepo ndiye muike DI, mutayenso malita awiri oyamba. Madzi a mumzinda akadulidwa n'kubweranso, musathamangire kuyatsa makina. Tsegulani mpopi wa panja mpaka matope ndi mpweya zithe, apo ayi sefa yatsopano mudzaitaya tsiku limodzi. Ndipo ikani alamu pa foni nthawi iliyonse mukudzaza mgolo, kapena gulani kavavu koyandama kotseka kokha. Madzi odontha mwakachetechete chonchi ndi amene amasefukira m'nyumba anthu ali mtulo.

Madzi oyera chonchi amatola chilichonse chimene akhudza. Sungani m'mgolo kapena chigubu chapulasitiki ya zakudya, yokhala ndi nambala 2 kapena 5 m'katrayango ka pansi, chotsekedwa, pamthunzi. Chitsulo ayi, mpopi wa brass ayi chifukwa muli kopa. Chigubu chimene munali sopo, mafuta a galimoto, feteleza kapena mankhwala a mbewu musachiyese n'komwe, ngakhale mutachitsuka kangati. Cha mafuta ophikira chimavuta kuyera ndipo mafutawo amasokoneza skimmer, chida chochotsa zinyalala m'thanki pogwiritsa ntchito thovu. Gulani chatsopano, chitsukeni ndi madzi okha. Mita ikawerenga 1 m'mgolo umene wakhala sabata, koma pa makina inali 0, ndi fumbi ndi mpweya chabe. Musavutikenso kuyeza pH ya madziwa kapena kuthiramo mankhwala oikweza. Alibe mphamvu yosintha pH ya m'thanki, amangotsatira amene awapeza. Akumwa muzitunga asanafike pa DI, poti resin ya zamathanki sinapangidwire anthu.

Pa madzi osinthira mufunika mchere wa thanki za nsomba za m'nyanja, monga Instant Ocean, Red Sea kapena Tropic Marin. Wa kukhitchini sungagwire ntchito: ndi sodium chloride pafupifupi yekha, ulibe calcium, magnesium ndi carbonate zimene makorali amamangira matupi awo. Yambani ndi madzi m'chidebe, ikani kapampu kozunguza madzi, ndiye muzithira mchere pang'onopang'ono ngati mukuwaza ufa m'phala. Osayamba ndi mchere n'kuthira madzi pamwamba. Mukatero, madzi oyamba ochepawo amakhala ndi calcium ndi carbonate zothithikana kwambiri, zimagwirana n'kupanga choko chimene sichisungunukanso. Mudzaona madzi oyera ngati mkaka ndi zotsalira pansi, ndipo poyeza mudzapeza calcium ndi alkalinity, yomwe ndi muyeso wa carbonate m'madzi, zatsika. Kutentha kumathandizira vuto lomweli, choncho sakanizani madzi ali ozizira, hita muyatse mchere utasungunuka.

Mchere muziyeza pa sikelo, osati ndi kapu. Mitundu yambiri imafuna magalamu 36 mpaka 40 pa lita kuti ifike 35 ppt, chifukwa m'ufamo muli chinyezi. Pa malita 20 yambani ndi magalamu 700, dikirani asungunuke, yezani. Mukapeza 33, mukufuna 35, wonjezerani magawo 2 pa 33 a mchere umene mwathira kale, omwe ndi magalamu pafupifupi 42. Lembani chiwerengero chonse pa chivundikiro cha ndowa ya mchere, ulendo wina simudzafufuzanso. Nthawi yosakaniza muwerenge pa paketi. Mitundu wamba imakhala bwino ikazungulira maola angapo kapena usiku wonse. Ina yokhala ndi calcium ndi alkalinity zokwera, opanga ake amati igwiritsidwe ntchito pasanathe maola ochepa, chifukwa ikazungulira nthawi yaitali imayamba kugwetsa choko. Thumba la mchere muzilimanga ndithu mukatapa. Likayamwa chinyezi n'kuuma gwa ngati mwala, zina mwa zofunika zagwirana kale m'thumba momwemo. Ndowa yatsopano igubuduzeni pansi musanatsegule, poti paulendo tizidutswa tolemera ndi topepuka timapatukana. Paketi iliyonse yatsopano ndi bwino kuyeza kamodzi: calcium 400 mpaka 450 ppm, magnesium 1250 mpaka 1350, alkalinity pakati pa 7 ndi 11 dKH.

Choyezera mchere chokha chimafuna kukayikiridwa. Kapulasitiki kokhala ndi muvi woyandama kamanama kakagwira kathovu kamodzi pa muviwo, kapena mchere ukaumirapo. Refractometer ndi yabwinopo: mumadontheza madontho awiri kapena atatu pa galasi, kutseka, kudikira masekondi 30 kuti kutentha kufanane, n'kusuzumira poloza kuwala. Koma iwongoleni ndi madzi ogula a 35 ppt, osati ndi madzi a RO/DI pa 0. Zambiri zotchipa zinapangidwira madzi a mchere wamba, ndipo zikawongoledwa pa 0 zimaphonya ndi 1 ppt kapena kuposa pofika pa 35.

Posintha madzi, 10 peresenti pa sabata, malita 20 kwa inu, ndi poyambira pabwino. Yambani mwawonjezera madzi opanda mchere mpaka pa mzere wa nthawi zonse, kuti muyeze mchere weniweni wa m'thanki. Mzerewo ulembeni ndi tepi pa galasi, kapena pa chipinda cha pampu ngati muli ndi sump, kathanki kena kapansi kokhalamo mapampu ndi zosefera, chifukwa m'menemo ndi mmene kutsika kumaonekera. Atsopano afanane ndi a m'thanki pa mchere, ndipo kutentha kusasiyane kuposa digiri imodzi. Thanki zambiri zimakhala pa 24 mpaka 26. Zimitsani hita ndi mapampu, popani malita 20 mukukokera zinyalala za pamchenga ndi m'makona, bwezerani atsopano pang'onopang'ono osalozetsa pa korali. Hita ikatsala pamtunda ili yoyaka imasweka. Mchere wouma usathiridwe m'thanki muli zamoyo, umawotcha.

Kuwonjezera kuzichitika tsiku lililonse, pang'onopang'ono, pamalo pothamanga madzi. Malita 4 lero ndi 4 mawa amagwedeza mchere ndi 0.7 yokha, pamene malita 20 kamodzi amaugwetsa ndi 4 m'mphindi zochepa. Mukatopa nazo pali kachida kotchedwa ATO, kokhala ndi sensa ndi kapampu, kamene kamathira kokha madzi akatsika. N'kabwino, koma kamalephera m'njira zodziwika. Nkhono ikakwera pa sensa yoyandama, kapena mchere ukaumirapo, pampu siizima. Malita 40 akalowa m'thanki ya 200, mchere umagwa kufika pa 29, kuwonjezera pa madzi osefukira pansi m'nyumba. Choncho chigubu cha ATO chisapitirire malita 15 kapena 20, kuti ngakhale chitakhuthuka chonse zamoyo zipulumuke. Kukamwa kwa paipi yothira kukhale pamwamba kuposa madzi a m'chigubu ndipo kusamire m'thanki, apo ayi madzi amapitiriza kuyenda okha pampu itazima, kapena amchere amabwerera m'chigubu. Sensa muziipukuta mwezi uliwonse. Ndipo makina a RO/DI musawalumikize mwachindunji ku thanki: amayaka kambirimbiri kwa mphindi zochepa, ulendo uliwonse n'kutulutsa madzi oyamba oipa aja, ndipo vavu ikakanika mpopi wa mzinda wonse uli kumbuyo kwake. Dziwaninso kuti skimmer ndi mchere woumira m'mbali mwa galasi zimachotsa mchere pang'onopang'ono, ndiye muziyeza sabata iliyonse ngakhale ATO ikuyenda bwino.

Ngati ndalama ya makina sinakwane, mashopu ambiri a nsomba amagulitsa madzi a RO pa lita. Pitani ndi chigubu chanu ndi TDS mita yanu, muyeze pomwepo musanalipire. Mita ya m'thumba ndi yotchipa, ndipo shopu yosamala siikhumudwa. A m'malo odzazitsa madzi akumwa amakhala a RO yokha, ndipo ena amabwezeramo michere kuti akome. Amaposa a pampopi, koma yezani. A m'mabotolo olembedwa mineral kapena spring ndi osayenera. Olembedwa distilled, amene amasandutsidwa nthunzi n'kubwezedwanso kukhala madzi, ndi abwino, kungoti amadula pa thanki ya kukula uku. A batire ya galimoto asiyeni, simudziwa chomwe chinali m'botolomo ndipo pashelefu amayandikana ndi asidi. A mvula otsika pa malata amanyamula zinc, fumbi, utsi ndi zitosi. Pa malita 4 patsiku ndi 20 pa sabata mukufuna malita pafupifupi 200 pamwezi, ndiye werengerani mtengo wogula ndi wonyamula muone miyezi imene makina angabweze ndalama yake. Muzikhalanso ndi malita 50 osungira a tsiku limene mpopi wauma kapena thanki yafuna kusinthidwa mwadzidzidzi.

Za thanki yanu mmene ililimu, yambani ndi kuyeza mchere ndi chida chowongoledwa. Mukaupeza uli pa 38 kapena 39, musaugwetse tsiku limodzi. Tsiku lililonse chotsani malita 5 a m'thanki n'kubwezera 5 opanda mchere, kuwonjezera pa olowa m'malo mwa nthunzi. Zimenezi zimatsitsa pafupifupi 1 ppt patsiku, ndipo pakatha masiku anayi mwafika. Kenako sinthani malita 30 sabata iliyonse kwa milungu 6 ndi madzi a 0 TDS, mukuzula ndere ndi manja ndi kupopa fumbi la pamchenga. Fumbi lofiirira limayamba kutha pakapita milungu ingapo silica akasiya kulowa. Ndere zobiriwira zimachedwa, chifukwa miyala ndi mchenga zinamwa phosphate nthawi yonse ija ndipo zimamubweza pang'onopang'ono, mwina kwa miyezi. Yezani phosphate, ndipo akakhala pamwamba pa 0.1 ppm ikani GFO, timiyala tofiirira togwira phosphate, pang'ono m'kathumba pamalo podutsa madzi, theka la mlingo wa pa paketi poyamba, poti kumutsitsa mothamanga kumakhumudwitsa makorali. Nkhono zikamagwa pagalasi n'kumafa popanda chifukwa chooneka, yezani kopa, ndipo funsani mwini wake wakale ngati anathirapo mankhwala a kopa m'thanki imeneyi.